Lipoti: zomwe BP ndi shuga zimadya m'thumba la mamembala mu Lusaka

Bungwe lomwe linandiitana ndi la amalonda ndi madalaivala a minibasi, ambiri ochokera ku Chipata, Katete ndi Petauke, amene tsopano amakhala ku Chawama, Kanyama, Mtendere ndi makomboni ena. Dzina lake sinditchula, ndipo mayina a mamembala ndawasiya m'mabuku awo. Mwezi uliwonse membala amasonkha kangachepe, ndipo thumbalo limathandiza pa zinthu ziwiri, matenda ndi maliro. Kwa zaka zitatu komiti yakhala ikuchititsa tsiku lopima kawiri pachaka. Amabwereka tenti, amalipira anamwino, amagula timapepala topimira shuga, anthu amafola kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka.

Msungichuma, mayi wogulitsa kapenta ndi nyemba, ndiye anabweretsa funso. Anati: "Achimwene, tonse tinamva kuti kupewa kumaposa kuchiza. Ife tapewa zaka zitatu. Tiwonetseni m'buku pomwe kwaposera."

Ntchito yanga ndi yowerengera chuma cha zaumoyo. Pa nkhaniyi ndinagwira limodzi ndi namwino wopuma pantchito amene amathandiza bungweli, ndipo monga muone kutsogoloku, akanapanda iwowa lipotili likananena bodza.

Pomwe tinayambira

Kafukufuku wa STEPS, wofufuza matenda osapatsirana monga BP ndi shuga, yemwe anachitika m'Zambia mu 2017, anapeza kuti mwa anthu a zaka 18 mpaka 69, pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse ali ndi BP yokwera, ndipo pafupifupi 6 mwa 100 ali ndi shuga wokwera. Buku la tsiku lopima la bungweli silinasiyane kwambiri ndi zimenezi, kupatula kuti madalaivala anali ochulukirapo kumbali ya BP.

Wina angafunse kuti thumba lotere likulipira chiyani, poti boma linachotsa malipiro pa chithandizo choyambirira m'dziko lonse mu 2012, komanso pali NHIMA, inshulansi ya boma ya zaumoyo, yomwe inabwera ndi lamulo la 2018, mmene wolembedwa ntchito amapereka 1 peresenti ya malipiro ake ndipo bwana wake amawonjezera 1 peresenti ina. Yankho lili m'malisiti. Mamembala ambiri salandira malipiro a pamwezi, ena analembetsa ku inshulansiyo koma amadumphadumpha kupereka. Mankhwala akasowa pakiliniki munthu amapatsidwa kapepala koti akagule yekha. Pali mayendedwe, pali kupimitsa magazi kwina, pali chakudya cha wodwazika. Thumba limalowa m'mipata imeneyi.

Modelo yake

Ndinagwiritsa ntchito modelo ya Markov, yomwe ndinamanga mu Excel kuti msungichuma athe kuitsegula ine nditachoka. Kwa komiti ndinaifotokoza ngati nyumba ya zipinda zisanu ndi ziwiri. Chaka chilichonse membala amagona m'chipinda chimodzi: wopanda vuto, wa BP koma osadziwa kapena osamwa mankhwala, wa BP amene akumwa mankhwala, wogwidwa sitiroko chaka chimenecho, wotsala wofa ziwalo, wa impso zofuna makina, ndi womwalira. Chaka chikatha ena amakhala pomwepo, ena amasamukira chipinda china. Chipinda chilichonse chili ndi lendi yake. Ukadziwa chiwerengero cha osamuka ndi lendi ya chipinda chilichonse, ungathe kuyendetsa nyumbayo zaka 10 kapena 20 n'kuona ndalama zonse zomwe zatuluka. Sitiroko ndinaigawa pawiri mwadala, chifukwa chaka choyamba chimadya mosiyana ndi zaka zotsatira.

Ndalama za m'tsogolo ndinazichepetsa ndi 3 peresenti pachaka, monga zimachitikira kawirikawiri pa masamu a zaumoyo. Amalonda sanavutike kumvetsa zimenezi. Aliyense wa chilimba amadziwa kuti kulandira mwezi woyamba ndi kulandira mwezi wotsiriza si chimodzi, ngakhale ndalamayo ndi yofanana.

Chovuta ndi kudziwa kuti osamuka ndi angati. Ziwerengero zotchuka za chiopsezo cha mtima zinachokera ku Framingham, tauni ya ku Massachusetts ku America komwe kafukufuku anayamba mu 1948, pakati pa anthu amene pafupifupi onse anali azungu. Sindinazigwiritse ntchito. Ndinatenga matchati a WHO a 2019, omwe anakonzedwa potengera zigawo 21 za dziko lapansi, ndipo ali ndi mtundu wosafuna labotale: zaka, kukhala mwamuna kapena mkazi, kusuta, BP, kulemera ndi kutalika, basi. Pa mphamvu ya mankhwala ndinadalira kuunika kwakukulu komwe kunatuluka m'magazini ya zachipatala ya Lancet mu 2016, kosonyeza kuti nambala yapamwamba ya BP ikatsika ndi 10, sitiroko imachepa ndi 27 peresenti, kulephera kwa mtima ndi 28 peresenti, imfa ndi 13 peresenti. Pa mtundu wa mankhwala ndinatsata kafukufuku wa CREOLE wa 2019, wochitika m'mayiko asanu ndi limodzi a kuno ku Africa, yemwe anapeza kuti kusakaniza kokhala ndi amlodipine kumatsitsa BP bwino mwa anthu akuda kusiyana ndi perindopril wophatikiza ndi hydrochlorothiazide.

Pali nambala imodzi yomwe ndinaikana ngakhale a pampando ankaifuna kwambiri, atakaimva ku msonkhano wina. Kafukufuku wa ku America wotchedwa Diabetes Prevention Program, wofalitsidwa mu 2002, anapeza kuti kusintha kadyedwe ndi kulimbitsa thupi kunachepetsa chiwerengero cha anthu oyamba kudwala shuga ndi 58 peresenti, pomwe mankhwala a metformin anachepetsa ndi 31 peresenti. Zoona zimenezo. Koma anthu aja anali ndi mlangizi wawowawo, maphunziro 16 oyambira, cholinga chotaya 7 peresenti ya kulemera kwawo, ndi mphindi 150 zolimbitsa thupi pasabata. Chathu kuno ndi nkhani ya mphindi khumi pansi pa tenti, munthu maso ali kumalonda ake omwe wasiyira mnzake. Kubwereka 58 peresenti n'kuiika pa tenti yathu kukanakhala kuba.

Mitengo, ndi kwacha wosakhazikika

Malisiti anali a zaka zingapo, ndipo kwacha wa 2019 si kwacha wa 2024. Pakati pa 2021 kukwera kwa mitengo kunapitirira 24 peresenti. Ndinagawa mitengo pawiri. Zochokera kunja, monga mankhwala, timapepala ta shuga ndi zipangizo za dayalisisi (kusefa magazi ndi makina impso zikalephera), zimatsata dola. Malipiro a namwino, basi ndi chakudya zimatsata mitengo ya m'dziko, ndipo pa izi ndinagwiritsa ntchito ziwerengero za ZamStats, bungwe la boma loona za ziwerengero. Ukazisakaniza zonse n'kuziwonjezera ndi mlingo umodzi wofanana, mankhwala amaoneka otsika mtengo m'zaka zomwe kwacha anagwa. Izi zinanditengera masiku awiri ndipo palibe chosangalatsa chofotokoza.

Pomwe ndinalakwa

Modelo itayenda koyamba inanena kuti sitiroko ndi yotchipa. Malinga ndi buku la matenda, membala wogwidwa sitiroko ankadya ndalama za thumba kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenako ziii. Zaka zotsatira lendi ya chipinda cha ofa ziwalo inali pafupifupi ziro. Ine ndinaona ngati ndapeza chinthu chatsopano, mpaka ndinayamba kulemba ndime yofotokoza chifukwa chake.

Anamwino aja anayang'ana mndandandawo nthawi yaitali, chala chikutsika pa mayina. Kenako anati: "Bambo, anthu awa mukuti sadyanso ndalama, mukudziwa kumene ali?"

Sindinkadziwa. Iwo ankadziwa pafupifupi aliyense. Uyu abale anamutengera kumudzi ku Katete chifukwa m'nyumba ya chipinda chimodzi ku Kanyama munalibe womutembenuza. Uyu anasiya kusonkha, ndiye patatha miyezi itatu anafufutidwa, monga malamulo a bungwe amanenera. Awa anayi anamwalira. Ndipo omwalirawo sanasowe ayi, anangosamukira m'buku lina, la maliro, lomwe limasungidwa ndi munthu wina, ndipo ine sindinalipemphe chifukwa ndinauzidwa kuti ntchito yanga ndi ya matenda. Buku la maliro ndiye lolemera. Muli bokosi, muli ufa ndi ndiwo za masiku atatu, muli galimoto yonyamula thupi pa Great East Road, ulendo woposa makilomita 500 ngati kwawo ndi ku Chipata.

Pamenepa pali msampha womwe aliyense wochita masamu amenewa ayenera kuudziwa. Modelo yowerengera ndalama zokha imakonda imfa. Womwalira sagula mankhwala, sakwera basi kupita kukiliniki. Munthu amene mwamupulumutsa ku sitiroko ali ndi zaka 52 adzafuna mapiritsi zaka zina makumi awiri. Ukaiwala kuti wamoyoyo akusonkhabe mwezi ndi mwezi, kupewa kumaoneka ngati kuwononga. Choncho ndinabwerera, ndinalumikiza mabuku awiriwo, ndinaika zosonkha ngati ndalama zolowa.

Koma ndinachenjezanso komiti kuti asasangalale msanga ndi buku la maliro. Maliro sapeweka, amangochedwa. Thumba lidzagulabe bokosi limenelo. Phindu lake ndi zaka zosonkha zomwe zawonjezeka, ndi kusiyana kwa kulipira lero ndi kulipira patatha zaka khumi ndi zisanu.

Titatero tinayendera mabanja omwe tinatha kuwapeza kuno m'tauni, ena tinalankhula nawo pafoni. Apa ndi pomwe mtengo weniweni wa sitiroko unaonekera, ndipo sunali m'buku lililonse. Kantemba katsekedwa. Mpamba wadyedwa m'miyezi iwiri. Mwana wamkazi wasiya ntchito kapena sukulu kuti azisambitsa amayi ake. Takisi yopita ku mafizo, kokalimbitsa ziwalo, chifukwa wofa mbali imodzi sangakwere minibasi yodzaza. Chilimba chalephereka, ndiye banja lalowa ngongole ya kaloba. Pa miyeso ya mayiko onse, banja likamawononga zoposa 10 peresenti ya zomwe limagwiritsa ntchito pa matenda, amati lagwa m'tsoka la ndalama. Mabanja omwe tinacheza nawo anadutsa mzere umenewo mwezi woyamba womwe. Kuyambira apo modelo inakhala ndi mizati iwiri, thumba la bungwe ndi thumba la banja.

Masamu omwe ndinalemba pabolodi

Komiti sinkafuna kuona Excel, ndiye ndinawapatsa chitsanzo chongoyerekeza. Titenge anthu 1,000 a BP, ndipo tiyerekeze kuti popanda mankhwala 100 mwa iwo adzagwidwa sitiroko m'zaka 10. Onse atamwa mankhwala mosadumphitsa, BP n'kutsika ndi 10, tipewa masitiroko 27. Koma tagula mankhwala a anthu 1,000 kwa zaka 10, kutanthauza zaka 10,000 za mankhwala. Gawani ndi 27, mupeza pafupifupi 370. Ndiye kuti thumba lisunge ndalama, sitiroko imodzi iyenera kulidyera ndalama zoposa mankhwala a munthu mmodzi a zaka 370.

Amlodipine ndi wotsika mtengo, koma osati chonchi. Sinthani anthuwo akhale achikulire, osuta, a shuga, oti 200 mwa 1,000 ndiwo angagwidwe, nambala ija itsika kufika 185. Akhale achinyamata oti ogwidwa ndi 30 okha, ipitirira 1,200. N'chifukwa chake funso loti "kodi kupewa kumasunga ndalama" lilibe yankho limodzi. Akatswiri akhala akunena kwa zaka zambiri kuti njira zambiri zopewera matenda zimagula thanzi pamtengo wabwino koma sizibweza ndalama zonse, ndipo zathu sizinatsutse zimenezo.

Tsopano gawo lomwe linasintha nkhani yonse. Kuti mupeze anthu 1,000 a BP muyenera kupima pafupifupi 5,000. Ndalama za tenti zimatuluka pa onsewo. Ngati mwa 1,000 opezekawo amene akumwabe mankhwala pakutha pa chaka ndi 400 okha, masitiroko opewedwa sakhalanso 27, ndi 11, koma tenti mwalipira yonse. Tinatenga mayina a omwe anapezeka ndi BP yokwera m'zaka zitatu zija n'kuwaimbira foni. Amene ankamwabe mankhwala sanakwane theka. Ena sanapite n'komwe kukiliniki. Ena anamwa mwezi umodzi, mutu utasiya kupweteka anati achira. Ena anapeza mankhwala kulibe kawiri motsatizana n'kugwa ulesi. Dalaivala wina anandiwerengera yekha: tsiku lokafola kukiliniki ndi tsiku lopanda ndalama ya bwana wa basi, ndipo bwanayo samva za BP. Panalinso anthu omwe ankabwera ku tenti nthawi iliyonse, kupimidwa, kuuzidwa kuti yakwera, n'kubwereranso patatha miyezi isanu ndi umodzi kudzamva zomwezo. M'buku la tsiku lopima anawerengedwa kasanu ndi kamodzi ngati chipambano.

Nditasintha nambala iliyonse payokha, kuikweza ndi kuitsitsa kuti ndione yomwe ikugwedeza zotsatira kwambiri, mtengo wa mankhwala unagwedeza pang'ono. Mtengo wa sitiroko unagwedeza pakatikati. Chiwerengero cha otsalabe pa mankhwala chinaposa zonse, ndipo patali.

Njira zitatu

Ndinayerekeza kupitiriza monga kale, kuchulukitsa masiku opima kufika kanayi pachaka ndi kufikira misika ina, ndi njira yachitatu: kupima kamodzi kokha pachaka, ndalama zotsalazo n'kuzigwiritsa ntchito posunga opezekawo pa mankhwala, kuyambira ndi amene chiopsezo chawo n'chachikulu.

Yachiwiri, yomwe komiti inkaikonda ndisanabwere, inatuluka yodula kwambiri pa sitiroko iliyonse yopewedwa, chifukwa kupima kowonjezera kumapeza anthu omwewo. Yachitatu inapewa masitiroko ochuluka pa ndalama zofanana ndi zomwe akuwononga kale. Pa mzati wa thumba la bungwe, palibe njira yomwe inabweza ndalama zake zonse m'zaka 10, ngakhale yachitatu inayandikira ikamangoyang'ana achikulire ndi a shuga. Pa mzati wa mabanja, yachitatu inapambana mosakayikitsa, ngakhale nditaika nambala zoipa mwadala.

Njira yachitatuyi si yachilendo kwa mamembala. Ambiri anaona mmene ma ARV amayendera, munthu kulandira mankhwala a miyezi ingapo nthawi imodzi, magulu otengerana mankhwala mosinthana, wina wokuimbira ukaphonya tsiku. Malangizo a WHO a 2021 pa BP amalola zofananazo: kuyamba mankhwala BP ikatsimikizika kuti yafika 140 pa 90, kuonana mwezi ndi mwezi mpaka itatsika, kenako pa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, ndipo namwino wophunzitsidwa angathe kuyendetsa chithandizocho. Mawu oti "ikatsimikizika" ndi ofunika. Munthu wangotsitsa matumba a ufa, wathamangira ku tenti, BP yake ya tsiku limenelo si yoyambira mankhwala a moyo wonse.

Pa shuga ndinapita mofulumira, chifukwa anthu ake anali ochepa kuti modelo inene zolimba. Chomwe ndinalimbikira n'choti wa shuga aziyang'aniridwa BP poyamba. Kafukufuku wa UKPDS wa ku Britain, wofalitsidwa mu 1998, anapeza kuti kutsitsa BP mwamphamvu mwa odwala shuga kunachepetsa sitiroko ndi 44 peresenti. Kwa ochepa a insulini, kuzimazima kwa magetsi kwa 2024, madzi atachepa ku Kariba, kunawonjezera mtengo womwe sindinauganizire, wa mankhwala owonongeka mufiriji yofunda. Ndinauika ngati mzere wapadera.

Impso zinafuna chenjezo lakelake. Dayalisisi imafunika kawiri kapena katatu pasabata, osalekeza. Pa avareji modelo imaonetsa kagawo kochepa ka munthu chaka chilichonse, ndipo ndalama zake zimaoneka zopiririka. Koma palibe kagawo ka munthu kamene kamapita pamakina. Ndinayendetsa modelo maulendo 5,000, mwayi ukusinthasintha, ndipo m'maulendo omwe anthu awiri analowa chipinda cha impso m'chaka chimodzi thumba linauma. Ndinalangiza kuti malire a thandizo pa impso alembedwe m'malamulo tsopano, kusanabwere munthu wodziwika nkhope amene komiti idzachite naye manyazi, komanso kuti bungwe lizithandiza mamembala a chiopsezo chachikulu kuti asadumphe zopereka zawo za inshulansi.

Kumsonkhano

Msungichuma sanakondwe. Anafunsa funso lowongoka ndipo yankho linali lakuti ayi, m'buku lanu simudzaoneka phindu lonse, lidzaonekera m'nyumba za mamembala. Anakhala chete, kenako anati thumbalo ndi la mamembala omwewo, ndiye mwina vuto ndi buku. Sindinawonjezerepo kanthu.

Amene anatsutsa kwambiri ndi a pampando, ndipo mfundo yawo inali yabwino kuposa mmene ndinkayembekezera. Anati tenti si yopimira BP yokha. Ndi tsiku lomwe msika wonse umaona kuti bungwe lilipo, ndipo mamembala atsopano ambiri amalembetsa tsiku limenelo, makamaka achinyamata, amene amasonkha zaka zambiri asanadwale. Ine zimenezo sindinaziike mu modelo. Tinatsegula buku la olembetsa pomwepo, ndipo zinali zoona, mayina ankachulukana m'masabata a tenti. Ndinavomera kuti ndinapeputsa tenti, ngakhale ndikuonabe kuti kawiri pachaka n'kochuluka.

Anagwirizana motere. Tenti ikhalepo kamodzi pachaka, ndipo aliyense wopezeka ndi BP yokwera apimidwenso masiku ena awiri asanalembedwe. Anagula makina atatu opimira BP omwe amakhala ndi mamembala odzipereka pamsika ndi pasiteshoni ya mabasi. Anapangana ndi sitolo ina ya mankhwala yovomerezeka kuti membala amene ali ndi kapepala ka kukiliniki koma wapeza mankhwala kulibe, atenge kumeneko thumba n'kulipira. Anamwino aja amapatsidwa ndalama ya foni ndi kaundula mmodzi, wokhala ndi mzati wa mwezi uliwonse. Za malire a impso anazikankhira ku msonkhano waukulu wa mamembala onse, ndipo pomwe ndikulemba pano sanazikambebe.

Papita miyezi isanu ndi iwiri. Masitiroko sangawerengedwe pa nthawi yochepa chonchi, ndipo ndinawauza kuti asayese n'komwe, chifukwa chaka chimodzi chabwino kapena choipa chingakhale mwayi chabe. Chomwe tikuwerenga ndi mizati ya kaundula, angati atenga mankhwala mwezi uno, angati BP yawo ili pansi pa 140 pa 90. Amayi a pamsika akuyenda bwino. Madalaivala akuvutabe, ndipo anamwino ayamba kupita kusiteshoni 5 koloko m'mawa, mabasi asanayambe kudzaza. Mu Excel muja kabokosi ka otsalabe pa mankhwala ndinakapaka utoto wachikasu, ndipo mudakali nambala yongoyerekeza. Msungichuma ali ndi fayiloyo, ndipo tinapangana kuti mzati wa mwezi wa 12 ukadzaza adzalembamo yekha nambala yeniyeni, n'kundiimbira kundiuza zomwe zatuluka pansi.